Mmene mungafananizire mayankho mukatuluka m'mayeso a fizikisi okonza pulani ya kafukufuku wa magetsi a AC

Pepala la fizikisi lokonza pulani ya kafukufuku ndi losiyana ndi mapepala ena, choncho kafananizidwe ka mayankho ake kayeneranso kukhala kosiyana. Pa funso lowerengetsera, mnzanu akanena kuti wapeza 3.2 pamene inu mwapeza 6.4, mumadziwiratu kuti mmodzi waphonya, ndipo simuchedwa kupeza mzere umene 2 wasowera. Pa funso la pulani sizili choncho. Ophunzira asanu akhoza kulemba njira zisanu zosafanana onse n'kukhoza, komanso ophunzira khumi akhoza kujambula chithunzi chimodzimodzi onse n'kutaya malikisi pa chifukwa chimodzi. N'chifukwa chake kuwerenga manja kuti ndi angati alemba zofanana ndi zanu sikukuuzani kanthu. Funso loyenera kulifunsa pa yankho lililonse ndi ili: munthu wina atatenga zimene ndalembazi n'kulowa nazo mu labotale, popanda kundifunsa kanthu, kodi angathe kulumikiza zipangizo, kutenga miyezo ndi kupeza chimene funso likufuna?

Amene amalemba A Level ya Cambridge amakumana ndi funso lotere pa Paper 5 ya Physics 9702, pepala la ola limodzi ndi mphindi 15 lokhala ndi malikisi 30. Funso loyamba, la malikisi 15, ndilo la pulani, ndipo lachiwiri ndi lowunika manambala amene mwapatsidwa kale. Pa pepala limeneli simukhudza chipangizo chilichonse, zonse zimachitikira m'mutu ndi pa pepala. Koma luso lake silofunika kwa a Cambridge okha ayi. Wophunzira wa Fomu 4 amene akukonzekera pulakitiko ya MSCE ya MANEB, kapena amene wayamba maphunziro a sayansi pa Mzuni ku Luwinga, amafunsidwa zinthu zomwezo: kodi musintha chiyani, muyeza chiyani, ndipo mudziwa bwanji kuti zimene mwapeza ndi zoona?

Musayambire kukambirana pa geti la sukulu. Anthu akangotuluka m'chipinda cha mayeso mitima imakhala ili m'mwamba, aliyense amafuna kumva kuti wakhoza, ndipo amene amalankhula mokweza ndiye amaoneka ngati wolondola. Ngati mawa lake muli ndi pepala lina, ndi bwino kuimika zokambiranazo mpaka mutamaliza, chifukwa madzi akatayika saoleka, pamene pepala la mawa mukadali ndi mphamvu nalo. Musatumizenso mafunso a pepalalo pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mayeso a Cambridge amalembedwa m'maiko ambiri amene nthawi zawo ndi zosiyana, ndipo sukulu zimasunga mapepala a mafunso kwa maola 24 mayeso atatha, choncho kufalitsa funso nthawiyo isanakwane kukhoza kuonedwa ngati kubera mayeso ngakhale inu munalibe cholinga choipa.

Chinthu choyamba chichitike muli nokha. Tengani pepala loyera, mujambulenso chithunzi chimene munajambula m'mayeso ndi kulembanso mfundo zanu monga mmene mukuzikumbukira, musanamve za munthu wina aliyense. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa mutu wa munthu suchedwa kudzinamiza. Mukamva mnzanu akunena kuti iye analemba zoti voltage isasinthe, mumayamba kuona ngati inunso munalemba, chonsecho munangoganizira chabe osaika pa pepala. Ochonga mayeso amapereka malikisi pa zimene zili pa pepala, ndipo kufananiza kwanu kukhala kwa phindu pokhapokha mukufananiza zomwezo. Mukatero, kumanani anthu atatu kapena anayi pamalo pamene pali tebulo, kaya ndi m'kalasi yopanda anthu kapena pakhomo pa mmodzi wa inu ku Katoto kapena ku Chibavi. Gulu likakula kuposa pamenepo, awiri okha ndi amene amalankhula.

Musanatsegule mapepala anu, gwirizanani kaye kuti funso linkati chiyani. Mikangano yambiri imene imatenga ola lathunthu imayambira pakuti anthu awiri akuyankha mafunso awiri osiyana. Lembani pamodzi zinthu zitatu: chipangizo chimene chinatchulidwa, equation imene inaperekedwa, ndi chimene anati mupeze pa mapeto. Pofuna kuti nkhani ino igwirike, nditenga chitsanzo chimene ndakonza ndekha, chofanana ndi mafunso a mtundu umenewu. Tiyerekeze kuti capacitor, chipangizo chimene chimasunga magetsi kwa kanthawi, yalumikizidwa ku magetsi a AC, amene amasinthasintha mbali imene akuyenda, ndipo akuti current I (kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya) imadalira frequency f (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi) motere: I = 2πfCV, pamene V ndi voltage ya pa capacitor ndipo C ndi capacitance, kukula kwa capacitor posunga magetsi. Mwauzidwa kuti mukonze pulani yoyesa ngati zimenezi zili zoona ndi kupeza C.

Yambani ndi ziganizo zoyambirira za aliyense. Pa chitsanzo chathu, chimene mukusintha ndi f, chimene mukuyeza ndi I, ndipo chimene chiyenera kukhala chosasintha ndi V. Apa mikangano siichuluka, koma yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, amene walemba kuti asintha I n'kumayeza f watembenuza funso, ndipo ngakhale atati njira yake ndi yotheka, sizimene anafunsidwa. Chachiwiri, amene walemba kuti "zina zonse zikhale chimodzimodzi" sananene kanthu. Ayenera kutchula dzina la chinthucho, ndipo chinthu choyamba kuchitchula ndi chimene chili mu equation, osati kutentha kwa m'chipinda kapena kutalika kwa mawaya.

Pamene pagona nkhani ndi pa gwero la magetsi. Yang'anani chithunzi cha aliyense muone chimene wajambula kumeneko. Amene wajambula batire wagwa kale, chifukwa batire imapereka DC, magetsi oyenda mbali imodzi yokha, ilibe frequency, ndipo capacitor ikangodzaza current imatsika mpaka kutheratu. Koma pali cholakwa china chobisika chimene ophunzira anzeru amagweramo: kulemba kuti "AC supply" basi, kapena kunena kuti atenga magetsi a pakhoma n'kuwatsitsa ndi thiransifoma. Magetsi a ESCOM amene amafika m'nyumba zathu ndi a 230 V ndi 50 Hz, kaya achokera ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, kapena ku Wovwe m'boma la Karonga. Majenereta onse amene ali pa gridi imodzi amayendera limodzi pa frequency yomweyo, ndipo thiransifoma imasintha voltage yokha, frequency imatuluka mmene inalowera. Choncho munthu amene pulani yake yatsamira pa magetsi a pakhoma ali ndi frequency imodzi yokha, ndiye kuti pa galafu pake padzakhala kadontho kamodzi. Chofunika ndi signal generator, chipangizo chotulutsa AC pa frequency imene mwasankha, kapena gwero lililonse limene walemba momveka kuti frequency yake imasinthika. Mnzanu akakuuzani kuti "koma ndimatanthauza yomweyo", mufunseni mwaulemu akusonyezeni pamene mawuwo ali pa pepala lake.

Kenako tsatirani waya ndi chala, kuchokera ku signal generator kuzungulira mpaka kubwerera, monga mmene current ingayendere. Ammeter iyenera kukhala mu series ndi capacitor, ndipo voltmeter kapena oscilloscope (chipangizo choonetsa funde la voltage pa sikirini) iyenera kukhala mu parallel ndi capacitor yomweyo. Ndaonapo zithunzi zojambulidwa mwaukhondo ndi rula, zizindikiro zonse zili bwino, koma oscilloscope itaikidwa mu series ngati ammeter. Chipangizo chimenechi chili ndi resistance yaikulu kwambiri polowera pake, nthawi zambiri pafupifupi 1 MΩ, kotero kuti kuchiika mu series kuli pafupifupi chimodzimodzi ndi kudula waya. Yang'ananinso ngati munthuyo wanena kuti mamita ake ndi a AC. Mita ya DC yokhala ndi singano ikalandira magetsi a 50 Hz imangonjenjemera pa ziro, chifukwa current imasintha mbali maulendo 100 pa sekondi imodzi ndipo avereji yake ndi ziro. Singanoyo siingathe kuthamanga chotero. Amene walemba kuti multimeter aikidwe pa AC wasonyeza kuti akudziwa zimenezi.

Funso lotsatira limene muyenera kufunsana ndi loti frequency mwaidziwa bwanji. Ena amalemba kuti awerenga pa signal generator pomwepo. Zimenezi si zabodza, makamaka ngati chipangizocho chimaonetsa manambala pa sikirini, koma manambala olembedwa mozungulira chopotokolera cha signal generator yakale sadalirika kwenikweni, ndipo yankho lamphamvu ndi loyeza ndi oscilloscope. Kungotchula dzina la oscilloscope sikukwanira. Pulani ili ngati kulongosolera wa kabaza njira ya kwanu ku Zolozolo: mukangoti "kumtunda uko", sakafika, mpaka mutamuuza pokhotera. Munthuyo alembe kuti awerenga timabokosi timene funde limodzi lathunthu latenga mopingasa, achulukitsa ndi time-base (nthawi imene kabokosi kamodzi kakuimira) kuti apeze period T, nthawi ya funde limodzi, kenako f = 1/T. Yesani ndi manambala muli pa tebulo pomwepo. Time-base ikakhala pa 5 ms pa kabokosi, funde limodzi n'kutenga timabokosi tinayi, ndiye kuti T ndi 20 ms ndipo f ndi 50 Hz. Amene wawerenga kuchokera pamene mzere wadutsa pakati kufika pamene wadutsanso koyamba watenga theka la funde, ndipo apeza 100 Hz. Funde lathunthu ndi kuchokera pa nsonga ina kufika pa nsonga yotsatira. Amene anawonjezera kuti ayeza mafunde angapo n'kugawa ndi chiwerengero chake, kapena kuti asintha time-base kuti funde lidzaze sikirini, ali patsogolo pa anzake, ndipo muzilemba zimenezo kuti mudzazigwiritse ntchito.

Tsopano tifike pa nkhani imene imagawa gulu pakati nthawi zonse, ya peak (muyezo wa pa nsonga ya funde) ndi r.m.s. (muyezo wa AC woyerekeza ndi DC ya mphamvu yofanana). Wina amati iye wagwiritsa ntchito voltmeter, wina amati oscilloscope, ndipo aliyense amakhulupirira kuti mnzakeyo walakwa. Zoona zake n'zakuti onse akhoza kukhala olondola. Mita ya AC imaonetsa r.m.s., pamene oscilloscope imakuonetsani peak, ndipo pa funde la sine ziwirizi zimalumikizana mwakuti r.m.s. ndi peak kugawa ndi √2. Ndiye chifukwa chake magetsi a pakhoma amene timati ndi 230 V amafika pafupifupi 325 V pa nsonga ya funde. Pa oscilloscope, y-gain ikakhala 1 V pa kabokosi ndipo kuchokera pa nsonga ya pamwamba kufika pa ya pansi pali timabokosi 5.6, peak ndi theka lake, 2.8 V, ndipo r.m.s. ndi pafupifupi 2.0 V. Equation yathu imagwira ntchito I ndi V zikakhala zonse za r.m.s., imagwiranso ntchito zikakhala zonse za peak. Cholakwa ndi kusakaniza. Amene watenga I kuchokera pa ammeter, V kuchokera pa oscilloscope, osasintha imodzi kuti ifanane ndi inzake, adzapezabe mzere wowongoka bwinobwino pa galafu, ndipo palibe chimene chidzamuchenjeze, koma capacitor ya 10 µF adzaipeza kuti ndi ya 7.1 µF. Choncho musafunsane kuti "mita kapena oscilloscope?" Funsanani ngati miyezo iwiriyo ili ya mtundu umodzi, ndipo ngati siili, muone ngati √2 akuoneka penapake pa pepala. Ngati funso lenilenilo linanena kuti V ndi peak, pamenepo palibenso kusankha, aliyense amayenera kutsatira zimenezo.

Pali mfundo ina imene ophunzira ochepa okha amaiona, ndipo ndi imene ndimaikonda kwambiri pa funso lotere chifukwa imasiyanitsa munthu amene waloweza ndi munthu amene akuona zipangizo m'maganizo mwake. Aliyense amalemba kuti V isasinthe, koma kodi isasinthe bwanji? Ambiri amaganiza kuti ukangosiya chopotokolera cha amplitude osachikhudza ndiye kuti voltage ikhala pomwepo. Sizitero. Signal generator ili ndi resistance yakeyake mkati, ndipo pa zambiri imakhala 50 Ω. Reactance ya capacitor (mmene capacitor imatchingira AC), imene ndi 1/(2πfC), imatsika frequency ikamakwera: capacitor ya 10 µF ili ndi pafupifupi 318 Ω pa 50 Hz, koma pa 500 Hz yatsala ndi 32 Ω yokha. Ngati munaika signal generator pa 2.0 V isanalumikizidwe, pa 50 Hz capacitor ilandira pafupifupi yonseyo, koma pofika pa 500 Hz ilandira pafupifupi 1.1 V, chifukwa voltage yambiri yathera mkati mwa signal generator momwemo. Galafu yanu, mmalo mowongoka, iyamba kuwerama, ndipo mudzanamizira equation kuti ndi yolakwika. Pulani yabwino imanena kuti nthawi iliyonse mukasintha frequency muyang'ane voltmeter, mupotokole amplitude mpaka V ibwerere pa 2.0 V, ndiyeno muwerenge ammeter. Mukapeza mmodzi m'gulu mwanu amene analemba zimenezi, mumupemphe afotokoze pang'onopang'ono mpaka aliyense amvetse.

Manambala omwewa amathandizanso kuona ngati zipangizo zimene munthu wasankha zikuyenerana ndi ntchitoyo. V ikakhala 2.0 V, current ndi pafupifupi 6.3 mA pa 50 Hz ndi 63 mA pa 500 Hz. Ammeter yowerenga mpaka 10 A siingaonetse kanthu kooneka pamenepa, pakufunika milliammeter. Dziwaninso kuti ma multimeter ambiri otsika mtengo amawerenga AC molondola pa frequency ya pafupi ndi ya magetsi a m'nyumba kufikira ma hertz mazana angapo okha, kotero kuti amene analemba kuti akweza frequency mpaka 20 kHz akudalira mita yotere walonjeza chinthu chimene mitayo siingakwanitse.

Chifukwa cha vuto limeneli, ena amasankha njira ina: amaika resistor yodziwika kukula kwake mu series ndi capacitor, amayeza voltage ya pa resistor ndi oscilloscope, n'kupeza current pogawa voltage ndi R, resistance ya resistor ija. Njirayi ndi yabwino ndithu, ndipo musamuuze mnzanu kuti walakwa chifukwa choti pa chithunzi chake palibe ammeter. Chimene muyenera kuyang'ana ndi mmene wapezera voltage ya pa capacitor. Akanena kuti achotsera voltage ya pa resistor kuchokera ku voltage ya gwero, monga mmene timachitira pa DC, pamenepo waphonya. Pa AC, voltage ya pa resistor ndi ya pa capacitor sizifika pa nsonga nthawi imodzi, zimasiyana ndi kota ya funde, imene ndi madigiri 90. Choncho resistor ikakhala ndi 3 V, capacitor n'kukhala ndi 4 V, gwero likupereka 5 V, osati 7 V, chifukwa zimaphatikizidwa monga mbali za thirayango ya Pythagoras. Chotetezeka ndi kuyeza voltage ya pa capacitor payokha.

Pa galafu, musakhutire ndi mawu oti "ndijambula galafu". Aliyense anene chimene chili pa axis yoimirira, chimene chili pa axis yopingasa, chimene adzaone equation ikakhala yoona, ndi mmene adzapezere C. Pa chitsanzo chathu, galafu ya I ndi f iyenera kukhala mzere wowongoka wodutsa pa origin, gradient yake ndi 2πCV, choncho C = gradient/(2πV). Mawu oti "wodutsa pa origin" musawaone ngati okometsera, chifukwa mzere wowongoka wosadutsa pamenepo sukusonyeza kuti I ndi f zikukwera mofanana monga mmene equation ikunenera. Ambiri amasiyira pa kunena kuti gradient ndi 2πCV, osatembenuza kuti C akhale payekha, chonsecho funso linati mupeze C. Apanso pali njira zingapo zolondola. Amene wajambula lg I ndi lg f ayenera kunena kuti mzere wake ukhala wowongoka wokhala ndi gradient ya 1, ndipo intercept ndi lg(2πCV). Iyeyu akanena kuti mzere wake udutsa pa origin ndiye kuti walakwa, ngakhale mawu omwewo ali olondola kwa mnzake uja. Amene waika f pa axis yoimirira ndi I pa yopingasa sanalakwe, malinga ngati gradient yake walemba kuti ndi 1/(2πCV). Njira yoweruzira ndi imodzi yokha: tengani equation, muiyerekeze ndi y = mx + c molingana ndi ma axis amene munthuyo wasankha, muone ngati zimene walemba zikutuluka.

Za chitetezo sizifuna nthawi yaitali, koma zimafuna kuona mtima. Mawu monga "samalani ndi magetsi" kapena "valani magalasi oteteza maso" sakhudzana ndi kafukufuku uyu. Mfundo ya chitetezo iyenera kutchula choopsa chenicheni ndi chochita nacho. Pa capacitor, ndi zoona kuti ya mtundu wa electrolytic, imene ili ndi mwendo wa + ndi wa −, siyenera kulumikizidwa ku AC chifukwa imatha kutentha mpaka kuphulika, choncho musankhe yopanda mbali, ndipo voltage isapitirire imene yalembedwa pa thupi lake. Pa resistor kapena koyilo, choopsa ndi kutentha, ndipo chochita ndi kuzimitsa swichi pamene simukuwerenga ndi kusakhudza ndi manja. Kubwereza miyezo n'kupeza avereji ndi kwabwino, koma nenani chimene mukubwereza.

Ngati funso lanu linali la makoyilo awiri kapena la thiransifoma mmalo mwa capacitor, kafananizidwe kake ndi komweko, kungoti zosayenera kusintha ndi zina. Pamenepo mufunsane ngati munatchula kuchuluka kwa mapindi a waya pa koyilo iliyonse, mtunda wa pakati pa makoyilo ndi mmene mwawagwirira ndi clamp kuti asasunthe, ndiponso current ya mu koyilo yoyamba. Current imeneyi nayonso siikhala pamodzi yokha, chifukwa reactance ya koyilo imakwera frequency ikamakwera, mosiyana ndi capacitor, kotero kuti pamafunika ammeter ndi njira yobwezera current pamalo pake, kaya ndi amplitude ya signal generator kapena variable resistor. Amene anakumbukira kunena kuti maginito ndi mawaya ena onyamula AC akhale kutali ndi koyilo yachiwiri anaganiza bwino.

Padzakhalabe mfundo imodzi kapena ziwiri zimene simudzagwirizana. Musazithetse ndi mavoti, ndiponso musalole kuti amene amakhoza bwino m'kalasi aweruze chifukwa cha mbiri yake yokha, pakuti nayenso amalakwa, ndipo amene sakonda kulankhula nthawi zina ndi amene waona za √2. Lembani mfundo yovutayo ngati funso lalifupi, limodzi ndi zithunzi ziwiri zimene zikutsutsanazo, mupite nazo kwa aphunzitsi. Kunena kuti "Aphunzitsi, tinaika oscilloscope pa resistor, kodi V ya pa capacitor tikanaipeza bwanji?" kumabweretsa yankho lothandiza kuposa kufunsa kuti "Aphunzitsi, ndakhoza kodi?", limene ngakhale iwowo sangaliyankhe asanaone mark scheme, ndipo ya Cambridge imatuluka zotsatira zitatuluka kale. Pa chifukwa chomwecho, kuwerengetsa malikisi amene mukuganiza kuti mwapeza n'kutaya nthawi, chifukwa malire a magiredi amakhazikitsidwa mapepala atachongedwa.

Ngati sukulu yanu ili ndi signal generator ndi multimeter, pemphani chilolezo kuti tsiku lina masana mukayese pulani ziwiri zimene zinkatsutsanazo, aphunzitsi kapena woyang'anira labotale ali pomwepo. Sinthanani mapepala: aliyense alumikize zipangizo motsatira pulani ya mnzake, ndipo mwini pulaniyo akhale chete. Paliponse pamene wolumikizayo waima n'kufunsa kuti "apa ndipange bwanji?", ikani chizindikiro pa pepalapo, chifukwa pamenepo ndi pamene panasowa chiganizo. Yambani pa 50 Hz, mukweze ndi 50 Hz nthawi iliyonse kufikira 400 Hz, ulendo woyamba osakhudza amplitude, ulendo wachiwiri mukubwezera V pa 2.0 V, kenako mujambule mizere iwiriyo pa galafu imodzi. Kumene kulibe zipangizo zotere, mukhoza kuwerengetsera manambala omwewo ndi kalikuleta pogwiritsa ntchito 10 µF ndi 50 Ω, ndipo kuwerama kwa mzere woyamba kudzaonekabe bwinobwino kuyambira cha m'ma 200 Hz.